Kiyi wa Kumsana kwa Kapitawo

Kalekale, koma osati kale la makolo athu ayi, kale la dzanadzanali pamene filimu tinkaonera pa kaseti titapanikizana pa mabenchi, ku Bangwe kunali mkulu wina dzina lake a Muhiwa. Anagwira ntchito yokonza mainjini a sitima ku Limbe mpaka imvi mbuu. Atapuma pantchito, anzawo akuweta nkhuku ndi kutsegula maokala, iwo anagwidwa ndi nthenda ina yachilendo. Anakaonera filimu ina momwe munali loboti. Sindikunena maloboti a pamsewu, inu. Ndikunena chimunthu chachitsulo, chachitali kuposa chitseko, maso psuu, choyenda osapinda mawondo. Anthu onse anatuluka m'vidiyomo akukamba za nkhonya. A Muhiwa anatuluka akudzifunsa okha kuti, "Koma phewa lija analumikiza bwanji?"

Basi, kuyambira tsiku limenelo pakhomo panalibenso mtendere. Anagula kaseti ya filimuyo. Akafika pamene chimunthucho chatembenuka, ankaimitsa chithunzi, n'kuika pepala lopyapyala pagalasi la kanema, n'kumalondola mizere ndi pensulo. Ankayeza ndi ulusi kutalika kwa mkono, kukula kwa chifuwa, ngakhale mpata wa pakati pa maso. Zonsezi ankazilemba m'makope a ana asukulu. Kuseri kwa nyumba anamanga shedi, ndipo m'shedimo anayamba kupanga chimunthu chawochawo. Anachitcha Kapitawo.

Mvetsetsani mmene Kapitawo anapangidwira, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. M'kati mwake munali mphako yokwana munthu mmodzi ataimirira. Munthu ankalowera kumsana, pa kachitseko kachitsulo kamene ukakakankha kankadzitsekera kokha ndi kampiringidzo ka m'kati. Kunsi kwa mapazi kunali mateyala obisika. Patsogolo pa chifuwa cha wolowayo panali ndodo yachitsulo: ukaikankha, Kapitawo ankayenda akugwedeza mikono, ukaisiya, ankaima. Batire la lole, mawaya onse, ndi kawailesi ka kaseti zinali m'kati momwemo, kuti kunja kusaoneke kanthu. Ndipo wolowamo anali a Muhiwa okha. Wina aliyense akangoyerekeza kusuzumira, ankamuthira maso oti sangabwerezenso.

A Muhiwa anali ndi ana atatu, onse akuluakulu, onse amisiri.

Woyamba anali Lufeyo, wowotcherera zitsulo. Iyeyu ndiye anapanga mafupa a Kapitawo kuchokera ku mapaipi ndi mafelemu a mabedi akale, ndiponso ndiye anakonza kachitseko ka kumsana. Anali munthu wa mawu ochepa, wa mapewa ngati ng'ombe yapangolo.

Wachiwiri anali Biziwiki, wokhoma zidebe ndi mbaula pamsika. Iyeyu ndiye anaveka Kapitawo khungu. Ankadula migolo, n'kuisula mpaka ipindike ngati nthiti, kenako n'kumata ming'alu ndi phala lija amamatira magalimoto ophwanyika, n'kupala mpaka see. Anali wanthabwala, wokonda kuyamikiridwa.

Wachitatu anali Enelesi, wokonza mawailesi. Iyeyu ndiye anapatsa Kapitawo moyo. Mikono anaiyendetsa ndi mamota a mawaipa opukuta galasi la basi, maso anawapanga ndi nyale za njinga yamoto, ndipo mawu a bambo ake anawajambulira m'chidebe kuti amveke ngati akuchokera kumanda. Pa diso lamanzere anaikapo kachikope ka lata komangirira ulusi. Kachikopeka mufilimu munalibe, koma a Muhiwa anakakonda, ndipo nthawi zonse akamayesa Kapitawo pabwalo la pakhomo, akangomuona Enelesi ankakoka ulusiwo, chimunthu chija n'kumutsinzinira diso.

M'shedimo munali lamulo limodzi: "Aliyense pachake. Mmisiri sasuzumira m'ntchito ya mnzake." Ndipo munali chiyamiko chimodzi chokha. A Muhiwa sankadziwa kunena kuti wachita bwino mwanawe. Chinthu chikawasangalatsa kwambiri ankangochisisita n'kunena kuti, "Ngati mufilimu." Mawu awiri amenewo, abale anga, ana aja ankawalakalaka kuposa nyama ya pa Khirisimasi. Pa zaka zinayi, aliyense anawamvapo mwina kawiri.

Tsono a Muhiwa sanali chitsiru. Ankadziwa kuti chitsulo chikakhala padzuwa chimasanduka uvuni. Choncho analamula zinthu zitatu. M'nthiti mwa Kapitawo mubooledwe timabowo tolowera mpweya. Kukhosi kuikidwe kafani kokupiza munthu wa m'katimo. Kumsana, kunja kwa kachitseko, kukhale chogwirira kuti zikavuta wina atsegule. Zitatu zonsezi zinachitika. Koma zitatu zonsezi mufilimu munalibe, ndipo mkuluyo akaziyang'ana ankatsonya n'kunena kuti, "Zikuipitsa izi. Koma nanga titani."

Ana atatu aja ankamva. Khutu la mwana wofuna kukondedwa silitaya kanthu.

M'mwezi wa Okutobala, sukulu ina ya konko inakonza tsiku la zionetsero, ndipo inapempha kuti Kapitawo akayende pamaso pa anthu kwa nthawi yoyamba. Sabata imeneyo a Muhiwa anatanganidwa ndi kufunafuna lole yonyamulira, ndipo shedi inatsala kwa ana.

Lolemba analowa Biziwiki yekha. Anayang'ana timabowo ta m'nthiti tija nati mumtima, "Fani ya achemwali ilipo, mphepo izilowera kumapazi. Chogwirira cha achimwene chilipo." Anamata timabowo tonse, napala, napaka penti yakuda bii. Nthiti zinasalala ngati dzira. Anakulunga chifuwacho ndi masaka kuti bambo adzaone patsikulo n'kudabwa.

Lachitatu analowa Enelesi yekha. Maso a Kapitawo ankamunyansa, chifukwa padzuwa ankaoneka ofooka ngati makala ozima. Anaona kuti kafani kaja kakudya moto wambiri. Anati mumtima, "Timabowo ta achimwene tilipo, mpweya ukwana. Ndi mphindi zochepa chabe." Anachotsa waya wa fani naupititsa kumaso. Maso anayaka psuu, oopsa ndithu, mpaka iye mwini anabwerera m'mbuyo. Masaka a pachifuwa sanawakhudze, pajatu aliyense pachake.

Lachisanu analowa Lufeyo yekha. Anaima kumsana kwa Kapitawo nthawi yaitali akuyang'ana chogwirira chija. Anati mumtima, "Mpweya ulipo, fani ilipo, ababa akomoka ndi chiyani? Ndipo wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Akamva kutentha akoka okha kampiringidzo." Anadula chogwiriracho, nasalaza pamalopo mpaka osaonekanso chipsera, naphimba ndi chiguduli.

Mwaona? Palibe anali ndi mtima woipa. Aliyense anachotsa chingwe chimodzi podalira ziwiri za anzake.

Loweruka linafika ndi dzuwa loswa mtengo. Ine ndinalipo, ndinaima pafupi ndi golo. Bwalo la sukuluyo ndi lotsetsereka. Kumunsi kwake, kungodutsa mzere wa mpira, kuli chiphompho chomwe amayi ankaswamo miyala, chakuya ngati nyumba ziwiri zosanjikizana. Kapitawo anamutsitsa kumtunda kwa bwalo ali chikulungire m'masaka. Zolankhula za akuluakulu zinatalika monga mwa nthawi zonse, ndipo chitsulo chija chinakhala padzuwa kuyambira mmawa mpaka dzuwa lili paliwombo. Kenako Lufeyo anagwira kachitseko, kamene anakasiya kosatseka chiyambire Lachisanu, a Muhiwa analowa, kachitseko kanati khwatha. Masaka anachotsedwa.

Anthu anakuwa! Ana anathawira kumbuyo kwa amayi awo. Chimunthu chakuda bii, chosalala, maso ngati moto, chinayamba kuyenda, mikono ikukwera ndi kutsika, ndipo mawu a m'chidebe aja anagunda bwalo lonse: "Patukani! Patukani! Kapitawo akudutsa!"

Zimene zinkachitika m'katimo anatiuza eni ake pambuyo pake. Akuti kachitseko katangotsekeka anamva kuti fani sikulira. Anafuna kutuluka pomwepo, koma kunja anthu anali atayamba kale kuwomba m'manja, ndipo munthu wadikira zaka zinayi. Anati ndingozungulira kamodzi. Anasuntha nkhope kufuna kamphepo ka m'nthiti, osakapeza. Munali mdima, fungo la penti ndi la batire, thukuta likulowa m'maso. Mpweya uliwonse umene ankakoka unali womwe anali atautulutsa kale. Atafika pakati pa bwalo anapisa dzanja kumbuyo kufuna kampiringidzo, koma zala zinali zitafa, zinkangoterereka. Anakuwa kuti, "Lufeyo! Nditsegulire!" koma mawu awo a pa kaseti anameza mawu awo enieni. Chomaliza chimene anaona pa kampata ka maso ndi mano a anthu akuseka. Kenako miyendo inalobodoka, nagwa ndi chifuwa pa ndodo ija.

Ndodo itakankhidwa, Kapitawo sanaimenso. Analunjika kumunsi, ndipo anthu, pomvera mawu aja, ankamupatukira bwinobwino akuvina.

Woyamba kuchitapo kanthu anali Enelesi. Iye sankaomba nawo m'manja, chifukwa ankaganiza za fani ija. Anathamangira kutsogolo naima poti bambo ake amuone. Kapitawo anadza, namudutsa pafupi penipeni, koma kachikope ka kumanzere sikanagwedezeke. Enelesi anathamanganso, naimanso kutsogolo, nakweza manja. Diso lili tong'o. Apo anadziwa kuti zavuta m'katimo. Anakuwa, "Ababa akomoka! Imitsani! Ababa akomoka!" Anthu anaseka, ankayesa ndi mbali ya sewero. Mphunzitsi wina anamugwira mkono kuti achoke panjira, iye anamuluma dzanja. Anathamangira kwa alongo ake amene anali kumtunda akumwetulira ngati akwati, nagwira Lufeyo pamalaya.

"Achimwene, fani ndinaichotsa ine! Mulibe fani m'menemuja!"

Biziwiki nkhope inagwa. "Mwati chiyani? Inetu mabowo ndinamata."

Lufeyo anangoyang'ana kumsana kosalala kuja kukutsetsereka, kenako anayang'ana chiphompho.

Wachiwiri anali Lufeyo. Anathamanga liwiro loti sindinamuonepo nalo, nadutsa Kapitawo, natembenuka, nagwetsera phewa pamimba pa chimunthucho. Chitsulo chinali chotentha ngati chiwaya, tinamva kununkha kwa malaya akupsa. Mapazi ake anayamba kukhwekhwereka m'fumbi. Mkono wachitsulo unkatsika pamsana pake, gu! n'kukwera, n'kutsikanso, gu! Apo utsi unayamba kufuka m'khosi mwa Kapitawo chifukwa mota inkalimbana ndi munthu. Wina anakuwa kuti, "Chiphulika!" Eee, bwalo lonse balalabalala. Amuna amphamvu amene akanathandiza anali oyamba kudumpha mpanda, ndipo ine ndemwe, ndisakunamizeni, ndinangoima kugolo komweko osathandiza. Lufeyo anatsala yekha, akukankhidwa phazi ndi phazi. Atacheuka anaona kuti kwatsala mapazi asanu okha, ndipo kumunsi miyala ili mano tuzu. Anadziwa kuti mphamvu zake sizikwana. Anatenga phazi lake lamanja nalilowetsa kunsi kwa teyala. Kulira kwa fupa kuja ndinakumva ndili kugolo. Kapitawo anaima, akunjenjemera, teyala likukukuta nsapato, mawu akuti, "Patukani! Patukani!"

"Tsegulani kumsana!" Lufeyo anakuwa. Kenako anakumbukira yekha, ndipo analira ngati mwana. "Mayo, chogwirira ndinadula ine!"

Enelesi anakanda kachitseko ndi zikhadabo mpaka magazi, koma Lufeyo anali mmisiri weniweni, panalibe mpata wolowa ngakhale lumo. Mayi wina woswa miyala anakwera ndi hamala yake yaikulu. Enelesi anamutsekereza: "Ayi mayi, mutu wa ababa uli pomwepo!" Makina odulira zitsulo anali kunyumba, ndipo ngakhale akanakhalapo, pabwalopo panalibe magetsi. Batire linali m'kati. Mawaya anali m'kati. Zonse zinali zobisika bwino, ngati mufilimu.

Wachitatu anali Biziwiki. Iyeyu anali ndi chinsinsi cha miyezi isanu ndi umodzi. Pamene ankakhoma nthiti, chitsulo cha mgolo chinamuthera patatsala malo ngati chikhatho, m'khwapa lamanzere. Ulesi unamugwira. M'malo mokasaka mgolo wina, anadula chitini cha mafuta ophikira, nachiphatika pamenepo, namata phala pamwamba. Bambo ake ankadana ndi chigamba kuposa njoka. Ankati, "Chigamba ndi bodza." Choncho sanauzepo munthu. Tsopano bodza limenelo ndilo linali khomo lokhalo. Analanda mpeni kwa mayi wogulitsa nzimbe nathamangira kukhwapako. Koma mkono wachitsulo unali ukukwerabe ndi kutsika, khwapa likutseguka ndi kutsekeka ngati sizasi. Anadikira ukwere, nabaya. Unatsika. Unakwera, nang'amba. Mpweya umene unatuluka pabowopo unamuwamba kumaso. Unakweranso, ndipo analowetsa dzanja lake lamanja mpaka m'phewa. Lata long'ambika linamucheka, mkono wachitsulo unamupana, koma sanatulutse. Anakhudza malaya a bambo ake ali chinyowere, thupi lili zii, osagwedezeka.

"Ababa! Ababa, ndine Biziwiki!" Kunalibe yankho.

Anapapasa kumbuyo kwa msana wawo, waya wotentha ukumudya pamkono, mpaka chala chinakola kampiringidzo. Anakoka. Kachitseko kanatseguka. Enelesi anagwira bambo ake palamba nawakokera kunja, nazula waya wa batire. Mawu aja anadukira pakati, ndipo bwalo lonse linati zii.

A Muhiwa anagona pafumbi ali lobodo, milomo yotuwa, maso otembenuzika. Amayi oswa miyala anawathira madzi a m'zigubu zawo, akuwakupiza ndi zitenje. Tinadikira. Sindikudziwa kuti inali nthawi yaitali bwanji, koma ine ndinali nditayamba kale kuganiza zoti tikauze ndani kumudzi kwawo. Kenako chifuwa chinakwera, natsokomola, nasanza. Lole yomwe inabweretsa Kapitawo ndiyo inanyamula anthu atatu kupita nawo kuchipatala, ndipo adokotala anati zikanangopitirira pang'ono pokha bwenzi tikuimba nyimbo zina.

Lufeyo anatuluka m'chipatala zala ziwiri za kuphazi palibe, ndipo mpaka lero amatsimphina. Biziwiki zala ziwiri za dzanja lokhomera sizipindikanso, hamala imamupulumuka. Enelesi analibe bala loti n'kuonetsa, zikhadabo zinamera. Koma akangomva fani ikulira m'sitolo, amatuluka panja n'kukagwira khoma.

Mukuganiza kuti nkhani yathera pomwepa? Mukanawadziwa a Muhiwa simukanatero.

Patapita mwezi, anaitana ana awo kushedi, naitananso ife oyandikana nawo nyumba kuti tikhale mboni. Kapitawo anali ataima pakona. Timabowo anali atabooleranso okha, fani ataibwezera okha. Koma kumsana sanabwezere chogwirira. Anati chogwirira mwana aliyense wopulupudza pagulu angachikoke chimunthu chikuyenda. M'malo mwake anaikapo loko wamng'ono, kabowo kake kongokwana nsonga ya kiyi. Ndipo m'dzanja mwawo munali kiyi mmodzi womangirira pa chingwe cha nsapato. Anamukweza kuti tonse timuone.

"Loweruka likudzali ndilowanso," anatero.

Enelesi anagwada pansi. "Ababa, chonde. Tiphwanye chinthuchi, tikagulitse kwa a zitsulo zakutha."

"Iwe, ukuyesa sindikuopa? Ndikangotseka chitseko cha kubafa, mpweya umandithawa. M'minibasi sindikwera. Chiyambire tsiku lija ine sindinatulukemo m'chitsulo ichi. Ndikapanda kulowanso n'kutulukamo ndi miyendo yanga, ndidzafera momwemo ngakhale nditagona pabedi panga."

Lufeyo anati, "Ndiye tisulitse makiyi atatu, ababa."

"Ayi! Atatu ndi amene anandipha. Aliyense ankati mnzanga alipo. Tsopano ndikufuna munthu mmodzi, woti adziwe kuti kumbuyo kwake kulibenso wina. Iyeyo ayendere chilichonse ndisanalowe, lamulo lija la aliyense pachake ndalifafaniza. Iyeyo aziyenda pambali panga kiyi ali m'khosi. Ndipo amene ndimupatse moyo wanga Lowerukali, ndiye mwini shedi ino ine ndikadzapita, ndi zipangizo, ndi makope anga, ndi Kapitawo yemwe. Shedi sigawika, kiyi sagawika. Nonse munandipulumutsa. Nenani, ndimupatse ndani?"

Aliyense ankayang'ana kiyi uja ngati nkhanira. Onse ankamufuna, onse ankamuopa.

Enelesi ndiye anayamba. "Ababa, anthu mazanamazana anali pabwalo paja, ndi achimwene awiriwa omwe, onse mano pamtunda. Anaona ndi ine ndekha. Wa kiyi ntchito yake ndi kuona. Ndikanapanda kukuwa, phazi la achimwene ndi dzanja la achimwene zikanakakutolani kuphompho."

Biziwiki anati, "Munaona chifukwa mumadziwa chimene munachita, achemwali. Wakuba ndiye amayamba kumva galu akauwa. Ndipo mutaona munatsegula? Inu munaona, achimwene anaimitsa, koma ababa ankafabe m'katimo. Dzanja limene linakoka kampiringidzo ndi ili, taonani mmene lilili. Wa kiyi ntchito yake ndi kutsegula."

Lufeyo analankhula ali chiweramire. "Unatsegula ndi bodza lako, Biziwiki. Munthu wobisa chigamba miyezi isanu ndi umodzi angayendere ntchito ya anzake? Ine ndinalibe chinsinsi chondithandiza, ndinalibe diso londitsinzinira. Ndinali ndi thupi lokha, ndipo ndinalipereka. Pakanapanda phazi langa, ukanabaya khwapa la chinthu chili kuphompho."

"Pakanapanda inu kudula chogwirira," anatero Enelesi, "palibe akanataya phazi kapena dzanja. Ndikanatsegula ndekha pakati pa bwalo."

"Pakanapanda iwe kuchotsa fani, akanakomoka?" anatero Lufeyo.

"Pakanapanda achimwene a Biziwiki kumata mabowo, fani yokha ikanawapha?"

A Muhiwa anakweza dzanja, onse anakhala chete. Kenako anatembenukira kwa ife mboni. Mkulu wina anati apatsidwe Lufeyo poti anataya zambiri, koma mayi wina anamufunsa kuti wotsimphina angathamange bwanji zikavutanso. Wina anati Biziwiki poti ali ndi nzeru za pangozi, koma tinayang'ana zala zake zouma zija n'kuganiza za kakiyi kakang'ono, thukuta lili m'manja. Wina anati Enelesi poti amawadziwa bambo ake, koma tinakumbukira kuti tsiku lija iye ankadziwa za fani kuyambira Lachitatu, anaona chitsulo chikuphikika padzuwa mmawa wonse, ndipo anakhala chete mpaka kachitseko kanatsekeka. Tinakangana mpaka kukhosi kuuma. A Muhiwa anali chiimire, kiyi akulendewera pachingwe, Kapitawo ali kumbuyo kwawo maso ozima.

Tsono ine ndautula kwa inu mlanduwu, ndipo musandiyankhe mothamanga ngati mukugawa nyama ya mbuzi. Musanditchulirenso zoti mkuluyo angosiya, pakuti sasiya, ndipo Loweruka likubwera. Yerekezani kuti ndinu amene mwaimirira mumdima muja. Dzuwa lili paliwombo, kachitseko kati khwatha kumsana kwanu, anthu ayamba kuwomba m'manja, ndipo zala zanu zayamba kuzizira. Kunjako kukuyenda munthu mmodzi yekha ndi kiyi m'khosi. Mukufuna akhale ndani: Enelesi amene anaona, Lufeyo amene anaimitsa, kapena Biziwiki amene anatsegula?